Kodi chimanga chimadziwa kuti mbozi ikuchidya?

NaPhiri_Chinamwali

Moni nonse muli muno. Funso langa mwina ena museka koma ndithandizeni. Ine ndimakhala ku Chinamwali koma munda timalima kumudzi ku Thondwe ndi mayi anga, chaka chino tinadzala ndi mvula yoyamba, chimanga chinamera bwinobwino feteleza wokulitsa tinathira, ndiye itangodula mvula masabata awiri aja mbozi zinalowa, masamba onse mabowo okhaokha ngati sefa, ukasuzumira mumtima mwa chimanga wangodzaza utuchi wonyowa. Ndinathamanga kukagula mankhwala pa shopu ina mtawuni muno, dzina sinditchula, ndinapopera kawiri masana dzuwa lili paliwombo poti ndi nthawi yomwe minibasi imandifikitsa, ndalama zinapita koma mbozi zikuluzikulu zija ndinazipeza zilipobe, zonenepa ngati ndimazipatsa phala.

Chomwe chandizunguza mutu ndi ichi. Tachita malire ndi agogo ena, iwo sapopera kanthu ngakhale sipuleya alibe, munda wawo ndi wosakaniza uja, chimanga cha lokolo, nandolo, khobwe, maungu angoyanga paliponse, m'mbali mwa munda tchire salambula kwenikweni. Nawonso zinawalowa inde koma pano chimanga chawo chatulutsa masamba atsopano osabooka, pamene changa cha haibridi chokhachokha m'mizere yoyera bwino chikuoneka ngati chamenyedwa ndi matalala. Iwo amangoyenda m'mawa ndi kachitini ka dothi kumathira mumtima mwa chimanga basi.

Chachiwiri, mpiru wa kudimba. Mayi anga amakana kuthyola mpiru wodyedwa ndi mbozi, amati wakwiya umenewo uwawa. Ine ndinkaziyesa za anthu akale koma ndinalawa ndithu umawawa kuposa winawo.

Ndiye dzulo mwana wanga wa fomu 3 akundiuza kuti mbewu ikamadyedwa imaitana thandizo, ine nkumuuza kuti usandinamize iwe, chimanga chili ndi pakamwa? Koma usiku ndimaganizira za munda wa agogo uja. Kodi nzoona mbewu imadziwa kuti ikudyedwa, ndipo imachitapo kanthu? Nanga ngati imadziteteza bwanji changa chatha chonchi?

Chejali_boyz

Hahaha asisi chimanga chikanakhala choitana thandizo bwenzi 2017 Malawi yense sitikugona ndi phokoso. Vuto lanu ndi nthawi yopopera basi. Mbozi imeneyo masana imabisala pansi mumtima nkudzitsekera ndi manyi ake omwe, mankhwala amangotsikira pa masamba osaipeza. Popelani mmamawa kapena dzuwa likamalowa ndipo nozo iloze mumtima mwenimwenimo osati kumangouluzira mmwamba ngati mukuthirira maluwa. Komanso ikakula ngati chala chakankombaphala ndiye mwachedwa kale, imeneyo ndi yongofinya ndi manja. Za kukwiya kwa mpiru zo ndasiyira ophunzira.

Aphunzitsi_Domasi

Mayi NaPhiri, mwana wanuyo musamukalipire, sananame. Ine ndimaphunzitsa Biology kuno ku Domasi ndipo nkhani imeneyi ndimaikonda mwina kuposa mmene silabasi imafunira ndiye mundipirire ndilemba motalika.

Achimwene a ku Jali akunena zoona kuti chimanga chilibe pakamwa, chilibenso ubongo, sichimva ululu ngati ife. Koma kuzindikira kuti chalumidwa chimazindikira. Mbozi ikaluma tsamba timaselo tapamenepo timaphulika, zamkati mwake zimatayikira, ndiye maselo oyandikana nawo amatumiza uthenga kudzera m'mitsempha ya tsamba ija mpaka kumasamba ena omwe sanakhudzidwe nkomwe. Mu 2018 gulu la Simon Gilroy ku Wisconsin linajambula zimenezi pa kambewu kena ka mu labu kotchedwa Arabidopsis, uthengawo umayenda pafupifupi milimita imodzi pa sekondi, ndiye kuti mphindi ziwiri zisanathe tsamba la kutali lamva kale. Kenako mbewu imapanga mankhwala ake otchedwa jasmonic acid, amenewa ali ngati mfumu ikamenya belu kuti aliyense atenge chida. Zida zake ndi zosiyanasiyana. China chinapezeka kalekale mu 1972, Green ndi Ryan ku America anaona kuti tomato ndi mbatatesi zikalumidwa ndi kachikumbu zimadzaza masamba ndi zinthu zolepheretsa kachiromboko kugaya chakudya mmimba, kamadya koma osanenepa, kukula kumachedwa.

Tsono za mpiru mayi anu akhoza mayeso. Mpiru, repu, kabichi, tchayinizi zonsezi ndi banja limodzi, mu tsamba mwake muli zinthu ziwiri zosungidwa mosiyana ngati mmene mumasungira machesi kutali ndi palafini. Mbozi ikatafuna, ziwirizo zimakumana ndiye pamatuluka kuwawa ndi kafungo kolasa mphuno kaja. Ndipo mbewu yomwe yakhala ikulumidwa imawonjezera kupanga zinthu zimenezi, nchifukwa chake mpiru wobooka umawawa kuposa wosalumidwa. Kusowa madzi ndi kukhwima nakonso kumawonjezera kuwawa ndiye musamangonamizira mbozi zokha. Koma mawu oti wakwiya aja ine ndawakonda, mawa ndikawagwiritsa ntchito mkalasi.

Za kuitana thandizo zo ndi izi. Mu 1990 Ted Turlings ndi anzake ku Florida anayesa pa chimanga chenichenicho. Akakanda tsamba ndi lezala chabe chimanga chimatulutsa kafungo pang'ono basi, koma akapaka pabalapo malovu a mbozi, pakapita maola angapo chimanga chimayamba kutulutsa fungo lambiri la mtundu wina, ndipo timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira mthupi mwa mbozi timalondola fungo limenelo mpaka kuipeza. Ndiye kuti chimanga chimasiyanitsa bala la mphepo kapena khasu ndi bala la mbozi, chimazindikira malovuwo. Mu 1997 anapeza chinthu chenichenicho cha m'malovumo nkuchitcha volicitin. Timavu timeneti si mavu oluma a pa denga aja ayi, tina ndi tochepa kuposa njere ya mpiru, simungatione mukapanda kudekha, kamwana kake kamadya mbozi kuchokera mkati mpaka kufa. Khobwe wa agogo anuwo nayenso ali ndi yake, mu 2006 anapeza kuti mbozi yomweyi ya fall armyworm ikadya tsamba la khobwe, kachidutswa ka tsamba lomwelo kogayidwa kamabwerera m'malovu, khobwe nkukazindikira kuti aka ndi kathupi langa katuluka mkamwa mwa mdani, pompo nkuyamba kudziteteza.

Ndiye funso lanu lomaliza, bwanji chanu chatha. Yankho loyamba ndi loti mbozi nayo si yopusa. Imeneyi kwawo ndi ku America komwenso kunachokera chimanga, zakhala zikulimbana zaka masauzande, ku Africa kuno inangopezeka mu 2016 kumadzulo uko ku Nigeria, chaka chisanathe inali itafika kuno. Chimanga chaching'ono chimakhala ndi poizoni wake wotchedwa DIMBOA, wambiri chikangomera nkumachepa chikamakula, koma mbozi iyi ili ndi njira yomuphera mphamvu mmimba mwake. Choipa kwambiri ndi utuchi munauona mumtima uja. A pa yunivesite ya Penn State anapeza kuti manyi amenewo akaunjikana pa bala amapusitsa chimanga, chimayamba kulimbana ngati chagwidwa ndi matenda a chuku nkufooketsa chitetezo cha mbozi. Tangoganizani, wakuba akukuberani nkhokwe koma wakuuzani kuti moto uli kukhitchini.

Yankho lachiwiri ndi loti kuitana nkumodzi, kubwera kwa oitanidwawo ndi nkhani ina. Timavu tija tikakula timadya timadzi ta m'maluwa, ndiye munda woyera mbee wa chimanga chokhachokha mulibe choti tidye, pamene kwa agogo kuli maluwa a maungu, a khobwe, a tchire la m'mbali lija. Khobwe ali ndi timalo tina totulutsa timadzi totsekemera kunja kwa duwa, nyerere zimabwera kudzanyambita ndipo zikakumana ndi kambozi kakang'ono zimanyamula. Gulugufe wake woikira mazira usiku uja amalondola fungo, munda wa fungo losakanikirana umamusokoneza kusiyana ndi wa mbewu imodzi. Ndiye inu mutapopera masana, mbozi yaikulu inali yobisala koma timavu, nyerere, akangaude ndi tizikumbu tofiira ta madontho akuda tija tinali poyera, ndi amene anafa. Pepani kunena chonchi koma mwina munathandiza mbozi.

Pa za lokolo ndi haibridi ndisanamizire kuti lokolo sadyedwa, amadyedwa ndithu. Koma a bungwe lofufuza za tizirombo la icipe ku Kenya mu 2011 anaona chinthu chodabwitsa pa kapuchi, mitundu ina ya chimanga chamakolo imayamba kutulutsa fungo loitana timavu gulugufe akangoikira mazira pa tsamba, mbozi isanaswe nkomwe, pamene ma haibridi ambiri omwe anayesa analibe khalidwe limeneli. Posankha mbewu yobereka kwambiri zina zinatayika mnjira.

Chomaliza, masamba obooka asakuopseni kwambiri. Chimanga chikakhala chaching'ono, mpaka masamba 6 kapena apo, diso lake lokulira limakhala pansi pa dothi, ndipo ngakhale chitakula ngati mbozi sinaboole diso limenelo chimatulutsa masamba ena, bola chinyezi ndi chakudya zilipo. Chanucho mvula ikabwerera ndi feteleza wobereketsa chikhoza kukudabwitsani.

Chejali_boyz

Eee aphunzitsi mwatiphera data. Koma ya manyi opusitsa chimanga yo ndagonja.

Madala_aku_Mayaka

Zikomo aphunzitsi mwafotokoza bwino, ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndalima fodya ndi thonje zaka zambiri ndiye ndiikepo zomwe ndinaona ndi maso. Mwana wanga NaPhiri, mbewu iliyonse yowawa kapena yoyabwa dziwa kuti sinapangire iwe kuwawako, inapangira adani ake. Chikonga cha mufodya chija anthu amachifuna cha kusuta koma ntchito yake yeniyeni ndi kupha tizirombo, chimapangidwa ku mizu nkukwera kumasamba, ndipo tikadula nsonga ya fodya kuti asachite maluwa chikonga chimachuluka, fodya amayesa kuti china chake chamudya mutu. Makolo athu ankanyika zinyenyeswa za fodya mmadzi nkuwaza pa ndiwo zamasamba, nsabwe zimafa, koma ine sindilimbikitsa pa tomato ndi masamba odya chifukwa ndi poizoni kwa munthunso. Chodabwitsa nchoti fodya yemweyo ali ndi nsabwe zake zomwe zimamukwanitsa, zimangodzaza kuseri kwa tsamba chikonga chili pomwepo. Ndiye palibe mbewu yomwe inapambana nkhondoyi kotheratu.

Thonje ndiye ukaligwira tsamba la mbewu zomwe zinkachokera ku Makoka kwanu ku Thondwe konko umamva cheya, alangizi ankatiuza kuti cheya chimenecho anachisankha dala chifukwa majasidi, tizirombo tobiriwira toyenda chammbali tija, timalephera kuyamwa ndi kuikira mazira pa tsamba la cheya. Thonje losalala masamba amapiringizika nkufiira mmbali. Ukayang'anitsitsanso tsamba ndi thunthu pali timadontho takuda, mmenemo muli poizoni wake, ndi chifukwa chake nthanga za thonje sitipatsa nkhuku ndi nkhumba mwachisawawa.

Chinangwa ndiye mphunzitsi wamkulu. Chowawa chija anzathu a ku Nkhata Bay amachikonda chifukwa anyani, nguluwe ngakhale akuba sachifuna, poizoni wake amatuluka ukachitafuna kapena kuchisenda, nchifukwa amachivuwika mmadzi masiku angapo asanapange kondowole. Ife kuno timakonda manyokola wozuna ndiye timalimbirana ndi chilichonse. Koma mnunkhadala, chitete chamawangamawanga chonunkha chija, chimadya masamba a chinangwa ndi zitsamba zina za poizoni osafa, poizoniyo nkumusunga mthupi mwake, ndiye mbalame sizichidya, ana ogwira ziwala nawonso amachilambalala. Chinatenga chida cha mbewu nkuchisandutsa chake.

Timavu mukunenato ine ndikukhulupirira chifukwa cha kodikodi. Mzaka za m'ma 1980 kodikodi anatha chinangwa kunyanja uko, nsonga zimangofota nkupiringizika zoyera ngati ufa, anthu anavutika ndi njala. Sanathetse ndi kupopera ayi, anabweretsa kamavu kochokera ku South America komwe kodikodiyo anachokera nkukamwaza mminda. Mkulu wake wa ntchito imeneyo Hans Herren anapatsidwa mphoto ya World Food Prize mu 1995. Lero kodikodi alipobe koma saopsa ngati kale.

MlimiWaLikangala

Ine ndiyankhula mosiyana pang'ono, aphunzitsi ndi madala mundikhululukire. Zonse mwanenazi nzoona koma tisamupangitse mlongo wathuyu kukhala pansi kudikira timavu banja lake nkugona ndi njala. December 2017 a Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ndi malo a ngozi chifukwa cha mbozi yomweyi, nthawi imeneyo minda yosakaniza inalipo, tchire linalipo, koma inadyedwa. Gulugufe mmodzi amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi ndipo moyo wake wonse amatha kufika 1,000, usiku umodzi amauluka mpaka makilomita 100, kukatentha mwezi umodzi wokha dzira lasanduka gulugufe wina woikiranso. Chimanga chiitane bwanji pamenepo, oyankha ndi ochepa. Chinanso ife a madimba ndi amene timaisunga mboziyi chaka chonse, chimanga chachiwisi cha mchilimwe kuno ku Likangala ndi mmbali mwa Chilwa ndiye nkhokwe yake, mvula ikagwa imangosamukira kumtunda.

Ine ndimalima tomato, ndiye tomato ndi mbewu yodziteteza kwambiri, gwirani thunthu muone manja mmene amadera ndi kununkha, ndi timaubweya tokhala ndi mafuta kunsonga tomwe timamata ndi kupha tizirombo tating'ono. Koma Tuta absoluta atabwera zonsezo anangozidutsa, kambozi kake kamalowa mkati mwa tsamba pakati penipeni nkumadya kobisala, tsamba nkuuma ngati lawauka ndi moto, kenako nkuboola tomato yemwe. Anachokera ku South America, anafika ku Spain 2006, patangopita zaka pafupifupi 10 ali kuno. Anzanga ambiri anapopera mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata mpaka anasiya kugwira ntchito. Kabichi ndi repu chimodzimodzi, kuwawa kwa mpiru aphunzitsi akunena kuja kuli kagulugufe kena kotuwa kakang'ono komwe kamalondola fungo lomwelo kuti kapeze poikira mazira, kambozi kake kobiriwira ukakakhudza kamadzigwetsa ndi ulusi, kameneko kuwawako sikakumva.

Ndiye ine zomwe ndimachita pa chimanga ndi izi, ndimayendera munda kawiri pa sabata kuyambira chitangomera, ndimatembenuza masamba kufuna mazira, amakhala kagulu kokutidwa ndi ubweya wotuwa, ndikawapeza ndimatikita ndi chala basi mbozi 100 zafa kopanda tambala. Ndikaona tsamba lakandidwa mooneka kuwala ngati pepala la pulasitiki ndiye kuti timbozi tidakali tating'ono ndipo nthawi yothana nato ndi imeneyo. Zikakula zimadyana zokhazokha nchifukwa mumapeza imodzi kapena ziwiri mumtima. Kuti mudziwe kuti ndi iyoyo osati kapuchi kapena ntchemberezandonda zathu zakale zoyenda chigulu zija, onani kumutu kuli chilembo cha Y chozondoka, kumatako madontho anayi akuda okhala ngati bokosi. Dothi la agogo lija limagwira ntchito makamaka la mchenga kapena losakaniza phulusa pang'ono, limaikanda khungu, koma phulusa likachuluka limawaula chimanga. Ena amathira msuzi wa usipa kapena bonya kapena madzi a shuga kuti nyerere zikwere, ndinayesa pa mizere ingapo nyerere zinabweradi, vuto agalu a mmudzi nawonso anabwera.

Mthuthu, ena amati ombwe, umathandiza, mumasinja masamba nkunyika usiku wonse ndi kasopo pang'ono, kusefa nkupopera madzulo chifukwa dzuwa limaupha mphamvu. Koma dziwani kuti mthuthu wina ulibe poizoni ngakhale umaoneka chimodzimodzi, ndiye wina akati sunagwire ntchito mwina sakunama. Ndipo musatsukire ndowa yake mumtsinje, umapha nsomba. Nimu nayenso, iyeyo sapha pompopompo, mbozi imangosiya kudya nkulephera kufundula. Onsewa ndi mankhwala omwe mitengoyo inapangira adani ake ife tikungobwereka. Zikafika poipa ndimapopera a kusitolo ndithu sindibisa, koma madzulo, mumtima mokha, ndipo ndimasinthasintha mtundu.

NaPhiri_Chinamwali

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Mwana uja ndamuonetsa foni akungoyenda modzitukumula nyumba yonse. Aphunzitsi zoti ndinapha ondithandiza zandiwawa koma ndalandira. Ndifunsenso kamodzi, pa khobwe wa agogo aja ndi nyemba zathu pali nsabwe zakuda zodzadza kunsonga ndipo nyerere zili piringupiringu pomwepo koma sizikuzidya, masamba akuchita kunyezimira nkumata. Nanga nyerere mukuti ndi abwenzi zija apa bwanji? Ndipo a ku Likangala, za nsenjere ndinamva pa wailesi kuti amadzala mozungulira munda nzoona?

Aphunzitsi_Domasi

Mwaona bwino mayi, nyerere ilibe mbali, imapita komwe kuli shuga. Nsabwe sitafuna ngati mbozi, ili ndi kamlomo ngati jakisoni komwe kamazemba pakati pa maselo mpaka kukafika mu mtsempha wonyamula chakudya, ndiye bala lake ndi laling'ono mwakuti belu la jasmonic acid lija silimveka kwambiri. Mbewu imayesa kutseka mtsempha wobooledwawo ngati mmene magazi amaundanira pa chilonda koma malovu a nsabwe amaletsa kutsekako. Madzi omwe imayamwa ali ndi shuga wambiri kuposa yemwe ikufuna ndiye wotsalayo imatulutsa kumbuyo, kunyezimira ndi kumata mukuonako ndi kumeneko, pakapita masiku pamamera chuku chakuda ngati mwaye. Nyerere zimadya shuga ameneyo ndipo zimalondera nsabwezo ngati mmene munthu amawetera ng'ombe za mkaka, kachikumbu kofiira kakabwera kudzadya nsabwe nyerere zimakathamangitsa. Yang'anitsitsani pagulu la nsabwezo, mukaona zina zotupa zouma zakhaki zosayenda, mkati mwake muli mwana wa kamavu, ndipo mukaona kokhala ndi kabowo kozungulira kumsana ndiye kuti watuluka kale. Zikakhala zambiri zoterozo musapopere, masiku ochepa gululo litha lokha. Mvula yamphamvu nayo imazikokolola, zimakonda ng'amba.

Kuopsa kwa nsabwe yakuda ya pa khobweyo si kuyamwa kokha, ndi yomweyo imafalitsa khate la mtedza, lija mtedza umangokhala kachitsamba kachikasu osabereka. Nchifukwa alangizi amati dzalani mtedza msanga ndiponso mothithikana, nsabwe youluka imakopeka ndi mbewu yomwe yazunguliridwa ndi dothi loonekera, munda ukatseka msanga simatera kwambiri. Mbewu ya Nsinjiro inatulutsidwa chifukwa imapirira matenda amenewa. Ngakhale mitengo ya pa phiri lathuli inaonapo zakuda ndi nsabwe, ya mtundu wodya mikungudza inaoneka koyamba mu Africa muno ku Malawi konkuno mu 1986, mipanda ya saipuresi inauma yambiri ndipo a bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM pa Zomba pompa anagwira ntchito yobweretsa kamavu kolimbana nayo.

MlimiWaLikangala

Za nsenjere nzoona alongo, amati push-pull, anayambitsa ndi Zeyaur Khan wa ku icipe komweko ku Kenya pamodzi ndi a kumalo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku England mzaka za m'ma 1990, poyamba inali ya kapuchi. Pakati pa mizere ya chimanga mumadzala desmodium, kambewu koyanga ka mgulu la nyemba, fungo lake limathamangitsa gulugufe ndipo mizu yake imapha kaufiti, ndiye mmbali monse mwa munda mumadzala nsenjere, gulugufe wa kapuchi amakonda kuikira pa nsenjere kuposa pa chimanga koma timbozi tikaswa nkuboola, nsenjere imatulutsa utomoni womata timbozi tambiri nkufera momwemo. Pa mbozi yatsopanoyi desmodium amathandizanso, ena mmalo mwa nsenjere amaika udzu wa brachiaria. Vuto lake mbewu ya desmodium kuipeza ndi ntchito, chaka choyamba imafuna kupalira mosamala aganyu osaidziwa amangoilimira pamodzi ndi udzu, ndipo mchilimwe mbuzi zikamasulidwa kwanu ku Thondwe ko ndiye muziiwala. Komanso pamalo pomwe mwaika desmodium ndi pomwe mukanaika nyemba kapena khobwe wa ndiwo, pa ekala imodzi yathu ija munthu umawerengera kawiri. Ngati muli ndi ng'ombe ya mkaka kapena mbuzi za mkhola ndiye phindu lake limaoneka msanga chifukwa zonse ziwiri ndi chakudya cha ziweto. Funsani alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya mdera lanu (EPA) ngati mbewuyo ilipo.

NaPhiri_Chinamwali

Ng'ombe ndilibe, mbuzi za eni ake ndiye zosayamba, desmodium adikire kaye. Loweruka ndigona kumudzi kuti Lamulungu ndilawirire mmunda mame asanaume, ndikatembenuze masamba ndione mazirawo ndi nsabwe zakhaki zija, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndikapemphanso agogo aja kambewu ka khobwe wawo ndi lokolo ka chaka chamawa ndiike mizere ingapo chakumalire. Sipuleya ndinabwereka ija mwini wake akuifuna kale. Achimwene a ku Jali zazikuluzikulu zofinya ndi manja zija ine ndimachita nazo nseru, ndimutenga wa fomu 3 yu akafinye iyeyo poti ndi amene anayambitsa nkhaniyi.

Chejali_boyz

Mumupatse jumbo avale kumanja asisi, zimatuluka zobiriwira. Ndipo mukajambule nsabwe yakhaki yo mutiponyere muno, ine mpaka ndione ndi maso.